Kalata kwa mpingo: katemera wa ana amatetezanso akuluakulu

Abale ndi alongo okondedwa mwa Khristu kuno ku Johannesburg, mtendere ukhale nanu.

Abambo ambiri amati zopita ndi mwana kukiliniki kukabayitsa katemera n'za amayi. Ayi ndithu, n'zanunso, komanso za agogo amene amatsala ndi adzukulu ife tili kuntchito.

Kwa akuluakulu, matenda oumitsa khosi obwera ndi bakiteriya kawirikawiri amayamba ndi kachilombo kotchedwa pneumococcus. Kamakonda kukhala m'mphuno ndi kummero kwa ana aang'ono, mwana n'kumasewera bwinobwino osadwala. Akayetsemula, kapena mukamupukuta mamina, kamasamukira kwa inu. Mukudziwa mmene timathithikanira m'chipinda chimodzi ku Hillbrow kapena ku Diepsloot. Katemera wa pneumococcus amachepetsa tizilomboti m'mphuno mwa mwana, choncho mpata woti mwanayo apatsire akunyumba umachepa.

Boma la South Africa linayamba kubaya katemerayu mu 2009: mwana akakwana masabata 6, masabata 14, kenako miyezi 9. Akatswiri a ku NICD, bungwe lofufuza za matenda opatsirana, ku Sandringham konkuno, anapeza kuti pofika 2012 matenda oopsa a pneumococcus anali atatsika ndi 69 peresenti mwa ana osafika zaka 2. Chimene chinandigwira mtima ine n'chakuti mwa anthu a zaka 25 mpaka 44, amene jekeseniyo sanailawe n'komwe, matenda a mitundu ya pneumococcus imene katemerayu amalimbana nayo anatsikanso ndi 57 peresenti. Abale athu amene ali ndi HIV, omwe matendawa amawagwira msanga, ndiwo oyamba kupindula.

Amene mwabwera ndi ana kuchokera kumudzi, tengani kabuku ka kusikelo, anamwino aone pamene munalekezera. Musaope za mapepala: mu 2023 khoti lalikulu la ku Gauteng linagamula kuti ana osafika zaka 6 azithandizidwa ulere m'zipatala za boma, kaya ndi a dziko liti. Wina akakubwezani pakhomo, dziwitsani akulu a mpingo tikuperekezeni.

Komabe katemera satseka mitundu yonse ya tizilombo toyambitsa matenda oumitsa khosi. Munthu akatentha thupi, mutu n'kumawawa koopsa, khosi kuuma, kuwala kumamupweteka m'maso, kapena akayamba kubwebweta, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Musadikire kuti ndifike kaye ndidzamupempherere. Ndiimbireni muli m'njira, ndikakupezani komweko.

Lamlungu tikaweruka, makolo mutsale pang'ono ndi timabuku ta ana tione limodzi.

Ine mbusa wanu mwa Ambuye.