Tipereke mabuku a famase, koma osati zinyalala za m'makatoni

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko ndi anzanga a famase muno mu Blantyre, makamaka ife amene tinamaliza sukulu kale koma mabuku athu angokhala m'katoni pansi pa bedi akudyedwa ndi mphemvu. Kuli mayiko amene akuyesa kudzukanso nkhondo itawaphwasula, mwachitsanzo South Sudan, analandira ufulu mu 2011, mu 2013 nkhondo yapachiweniweni inabuka mpaka anadzasainirana mtendere mu 2018. Kumenekonso kuli ana akufuna kuphunzira za mankhwala, ndipo chipatala ungachimange chokongola bwanji koma ngati pawindo lolandirira mankhwala palibe munthu wodziwa kuwerengera dozi ya mwana wa makilo 8 ndiye kuti palibe chimene wamanga. Sukulu zawo amaphunzira mchingerezi ngati ife, matenda awonso ndi omwewa, malungo, TB, kutsegula m'mimba, ndiye mabuku athu angawagwirire ntchito ndithu.

Ndikudziwa ena ati ifenso ndi osauka tipereka chani. Koma amalawife tikudziwa kuwawa kwake. Digiri ya famase inayamba mu 2006 ku College of Medicine, pano ndi KUHeS (Kamuzu University of Health Sciences), kale anthu amakaiphunzira kunja. Laibulale ya Mzuni itapsa mu Disembala 2015 anthu akunja anatitumizira mabuku. Amene anaphunzirapo m'kalasi ya buku limodzi akudziwa, mumalilanditsana usiku, wina ajambulitse chaputala pa fotokope yofiira inki yosaoneka bwino, tebulo la madozi manambala ake atafufutika, 5 ndi 6 osasiyanitsika.

Koma pempho langa lalikulu ndi ili, tisasandutse anzathu dzala. Buku la famase limatha masiku ngati mankhwala enieniwo. Taonani kwathu konkuno. Mu 1993 Malawi anali dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba Fansidar, ndiye mu 2007 tinasiyanso Fansidar kupita pa LA. Buku la 1990 lidzamuuza mwana wasukulu molimba mtima kuti malungo perekani chloroquine, iye aloweza, akhoza mayeso, kenako akakhala pawindo. Ma ARV chimodzimodzi, stavudine uja amene amaphwetsa anthu masaya ndi kupweteketsa miyendo tinamusiya, pano ambiri ali pa dolutegravir. Buku lakale silikudziwa zimenezo ndipo silikuchenjeza.

Ndiye tisankhe bwino. Mabuku a chemistry, a mmene thupi limagwirira ntchito, a masamu a madozi, a kasakanizidwe ndi kasungidwe ka mankhwala, amenewo sasintha msanga, ngakhale a zaka khumi atha kupita. Koma onena kuti matenda akuti perekani chakuti, akhale atsopano basi, ngati tilibe ndibwino tisonkherane tigule awiri atatu kusiyana ndi kutumiza katoni yodzadza zakale kuti tijambulitse chithunzi cha pa Facebook.

Wina anena kuti masiku ano zonse zili pa foni, tingowatumizira PDF. Zoona zimathandiza, koma magetsi akazima ndipo bandulo yatha mudziwa nokha kuti pepala silifuna chaja. Ife a ku Chilobwe ndi Soche tinaziona nthawi ya Freddy mu 2023.

Pempho langa lipite kwa a PHASOM, bungwe la anthu a famase m'Malawi muno, komanso amene anaphunzira ku KUHeS ndi ku Malawi College of Health Sciences. Tisayambe ndi kutolera. Tiyambe talembera kaye aphunzitsi a ku South Sudan atiuze okha mabuku amene akuwafuna ndi angati, ndipo tigwirizane ndani alipira transipoti chifukwa mabuku amalemera, asakathere m'nyumba yosungira katundu pa boda. Mndandanda ukabwera, langa la masamu a madozi ndipereka.

Ine wogwira ntchito mu famase,
Chilobwe, Blantyre