Zipika zikutuluka, ife ku Mchesi tikusowa thabwa

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga ndidandauleko za mitengo. Ine ndine kalipentala kuno ku Mchesi, ntchitoyi ndinaiyamba ndili kamnyamata kogwirira matabwa bambo aang'ono akupala.

Mwezi wathawu kunabwera mayi ena a ku Area 47 ndi chithunzi pa foni, akufuna tebulo lodyera la mipando 6, ati koma likhale la teak. Ndinawauza chilungamo kuti mayi, teak weniweni kuno musavutike naye, koma tili ndi mlombwa wathu umene ena amautcha African teak, sungakuchititseni manyazi pamaso pa alendo. Anavomera mpaka kusiya dipoziti. Ndiye ndinazungulira masiku anayi, Mchesi yonse, Biwi, Kawale mpaka Area 23, mlombwa wouma osaupeza. Omwe ndinawapeza anali matabwa aawisi, kungowagwira ukumva kuzizira m'manja, mmbali mwake muli khungwa ndi utomoni uja wofiira ngati magazi. Thabwa lotero ukapangira tebulo pakatha miyezi iwiri limapindika, majointi nkutseguka, kasitomala nkumakutchula wakuba pa WhatsApp. Ndinabweza dipoziti ija mtima ukuwawa.

Chinandinyansa kwambiri nchoti sabata yomweyo ndikuchokera ku maliro ndinaona thiraki pa msewu wa Mchinji, tenti itang'ambika kumbuyo, mkatimo zipika zoti munthu mmodzi sungakumbatire, makungwa ali pompo. Kaya mtengowo wadulidwa kwathu kaya kwa anzathu ku Zambia, ukupita ku doko osakhudzidwa ndi sowo ya munthu wa kuno.

Nkhani ya teak ndi imene inanditsegula maso. Mtengowu kwawo ndi ku India, Myanmar, Thailand ndi Laos, uli ndi mafuta ake achilengedwe moti chiswe chimauopa, madzi sauwoletsa msanga, nchifukwa chake amapangira pansi pa sitima zapamadzi ndi mipando yokhala panja. Thailand inatseka kudula mitengo m'nkhalango zachilengedwe mu 1989 nkhalango zitatha kale. India nayo khoti lalikulu linaika malamulo okhwima mu 1996, koma mafakitale awo a matabwa sanatseke onse ayi, ambiri anangoyamba kugula zipika kwa ena, ndipo lero India ndi amene amagula teak wambiri padziko lonse, wina kuchokera ku Ghana, wina ku South Sudan kudutsira Uganda mpaka pa doko la Mombasa. Mwaiona nzeru yake? Nkhalango yawo ikupuma, anyamata awo ali pa ntchito, wogulitsa chipika watsala ndi chitsa.

Anthu ambiri sadziwa kuti m'chipika chimodzi mumadya anthu angati. Wocheka adya, woumitsa adya, ine wopala ndi kulumikiza ndidya, mnyamata wa sandipepa ndi vanishi, telala wosoka makushoni, wa ngolo wonyamula katundu. Zidutswa timapangira timipando ta kukhitchini, ngakhale utuchi sutayidwa, amayi oweta nkhuku amabwera ndi matumba m'mawa kudzalimbirana. Chipika chikakwera kontena chonsecho, anthu onsewa agona ndi njala ndipo ndalama yeniyeni ikapangidwa kutsidya kwa nyanja.

Myanmar inazindikira mochedwa nkuletsa kutumiza zipika kunja mu April 2014, Gabon inachita zomwezo mu 2010. Sindikunena kuti chiletso ndi mankhwala a zonse, ku Myanmar komweko zipika zinapitirirabe kuzembetsedwa pa malire kulowa ku China. Lamulo likakhala pa pepala pokha, wa pa geti nkumalandira ya fanta, ndiye kuti mwangokweza mtengo wa ziphuphu basi.

Ifenso pa pepala tili bwino zedi. Ndi Malawi yemweyu amene anapempha ku msonkhano wa CITES, pangano la mayiko loteteza nyama ndi zomera, ku Geneva mu 2019 kuti mtengo wa mukula utetezedwe pa malonda a pakati pa mayiko, ndipo zinatheka. Lamulo la zankhalango la 1997 linakhwimitsidwa mu 2020. Koma tisaiwale za ku Lengwe mu 2016, pamene anthu 35 anagwidwa mkati mwa paki ali ndi mathirakitala akugwetsa tsanya, ena mwa iwo ochokera ku Mozambique ndi China. Thirakitala si singano yoti ungabise m'thumba abale. Za Chikangawa ndisayambe nkomwe, mahekitala oposa 50,000 a paini amene makolo anadzala, lero thabwa la paini lomwelo tikugula ngati nyama.

Pempho langa kwa akuluakulu a zankhalango ndi ili, mitengo imene mumalanda kwa ozembetsa musamaigulitse mulu wonse kwa munthu mmodzi wa ndalama, chifukwa ameneyo akaikwezanso kontena yomweyo. Ichekedwe konkuno, igawidwe timagawo toti makalipentala tikasonkherana anthu khumi tikwanitse. Tithandizeniso ndi malo oumitsira matabwa, poti kuumitsa mlombwa pamthunzi kumatenga miyezi ndipo palibe wa ku Mchesi angagoneke mpamba wake nthawi yonseyo. Ndipo bwanji osayesa kudzala teak kumadera otentha a kunyanja? Anzathu a ku Tanzania anayamba ku Kilombero m'zaka za m'ma 1990 ndipo pano akucheka. Teak amatenga zaka 20 kapena kuposa kuti akhwime, ine mwina sindidzamupala koma ana ndikuwaphunzitsawa adzamupeza.

Mayi a ku 47 aja ndinakumana nawo m'tauni Loweruka. Anagula tebulo lochokera kunja, la utuchi wopanikiza nkumata pepala pamwamba, ati mwendo umodzi wayamba kale kugwedera ndiye ndipite ndikawamangireko.

Kalipentala wodandaula,
Mchesi, Lilongwe