Kosi ya ku yunivesite imasankhidwa pa Fomu 3, makolo tili kudimba

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko m'nyuzipepala yanu ngati malume amene anachita manyazi chaka chatha. Ndine mlimi wa kachewere kuno ku Tsangano, sukulu ndinalekezera Fomu 2, choncho aphunzitsi andikhululukire pamene ndiphonye. Koma zimene ndinaona ndi maso angawa ndizinena.

Mwana wa mlongo wanga, amene ndakhala ndikumulipirira fizi chimwalirireni bambo ake, anakhoza MSCE ndi mapointi 16. Pasukulu yoyendera ya kumudzi ngati yakeyo, 16 si masewera. Tinapha mbuzi. Mayi ake analuluta mpaka mawu kusasa, ine n'kumayenda pamsika kuuza aliyense kuti mbumba yanga yatulutsa namwino. Unamwino ndi umene mtsikanayu ankaufuna kuyambira ali wamng'ono, ndipo kunena zoona ndife tinamuika m'mutu, chifukwa kwathu kuno ntchito zolipidwa pamwezi zimene mwana amaziona ndi ya mphunzitsi, ya namwino ndi ya wapolisi wa pa rodibuloko.

Bungwe la NCHE, loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, litalengeza kuti ana ayambe kufunsira malo m'mayunivesite a boma, ndinamupatsa ya thiransipoti kuti atsikire kuboma akadzaze fomu. Ine sindinapite, inali nthawi yokumba. Kumeneko anapeza mnyamata wa pakompyuta, ana ena ali pamzere kumbuyo kwake, aliyense akufuna athane nazo asanasiyidwe ndi galimoto yobwerera. Mnyamatayo anangofunsa kuti, "Iwe ukufuna chani?" Mwana n'kuti unamwino. Basi, mizere yonse anaidzaza ndi za chipatala zokhazokha, unamwino, uzamba, za mankhwala, mpaka udokotala. Mayina atatuluka, lake munalibe.

Ndinapsa mtima, n'kuyamba kunena zija timanena tonse, zoti malo amapita kwa ana a mabwana. Amene ananditsegula m'maso ndi mphunzitsi wina wopuma ntchito amene timapemphera naye. Anatenga pepala la zotsatira, analiyang'ana kamodzi kokha n'kundifunsa kuti, "Achimwene, Chemistry ili pati apa?" Panalibe. Physics panalibenso. Mwanayu anazisiya polowa Fomu 3. Pasukulu pawo mphunzitsi wa maphunziro amenewa anali mmodzi, labu kunalibe, ndipo anzake a Fomu 4 anamunong'oneza kuti zimenezo zimangoononga mapointi, bola History ndi Bible Knowledge. Pa nkhani ya mapointi anzakewo sananame, 16 uja anabweradi. Koma unamwino wa ku KUHeS, yunivesite ya boma yophunzitsa za chipatala, umafuna kirediti mu Biology, Physics ndi Chemistry, kuphatikiza Chingerezi ndi masamu. Ndiye kuti chitseko chimene tinkagogodacho chinatsekedwa zaka ziwiri m'mbuyomo, tsiku limene mwana wa zaka 15 anasankha yekha maphunziro oti apitirize, popanda wamkulu aliyense pambali pake. Ine malume wake tsiku limenelo ndinali kudimba. Sindinadziwe n'komwe kuti kusukulu kuli zosankha.

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Ife makolo timadziwa chinthu chimodzi chokha, choti mapointi ochepa ndiwo abwino, wa 6 ndiye dolo. Chimene sitidziwa n'choti mapointiwo amachokera pa maphunziro 6 amene mwana wakhoza bwino, Chingerezi chili momwemo, pomwe kosi iliyonse ili ndi maphunziro akeake amene imayang'ana. Mwana atha kukhala ndi mapointi 12 koma uinjiniya osaununkha, chifukwa masamu anapeza 7. Kirediti imathera pa 6, ndipo 7 ndi 8 ndi pasi chabe. Izi ine ndazidziwa tsitsi litachita imvi, mbuzi itadyedwa kale.

Ngakhale mayina a sukuluzo atisokoneza. Timanenabe kuti Poly, Chanco, Kamuzu College of Nursing, pomwe kuyambira 2021 Poly ija ndi MUBAS, sukulu ya anamwino ija anaiphatikiza ndi College of Medicine n'kukhala KUHeS, ndipo dzina loti University of Malawi linatsalira ku Zomba. Bunda inachoka kalekale, pano ndi LUANAR. Nanga kholo limene likusokoneza mayina okha lingamulangize chiyani mwana za makosi a m'katimo?

Pali china chimene chimandiwawa kuposa zonsezi. Papepala lija, Agriculture mwanayu anapeza 2. Nditamufunsa chifukwa chake sanaikeko ngakhale mzere umodzi wa za ulimi, anandiyankha kuti, "Amalume, ndivutike zaka zonsezi kuti ndidzabwererenso ku khasu?" Ndinangoti kukamwa yasa, chifukwa mawuwo ndi anga. Ndine ndinkamuuza m'mawa uliwonse kuti limbikira sukulu, ukachita ulesi udzafera m'munda ngati ine. Chonsecho kuno mvula ikachita mvumbi, chiwawu chimapsereza munda wa kachewere m'masiku owerengeka. Mbewu timangobwereza yomweyo chaka ndi chaka mpaka itatopa, mbatata n'kumatuluka ngati mazira a nkhunda. Pitani pa Lizulu nthawi imene tomato wachuluka, mukaone madengu akuolera m'mbali mwa msewu wa M1, amayi akuthamangira minibasi iliyonse. Anthu odziwa za matenda a mbewu, za kusunga ndi kukonza zokolola, za ulimi wothirira, amaphunzira ku Bunda, ndipo ambiri a iwo sanagwirepo thumba la kachewere. Ana athu amene akulira m'mizere, odziwa kusiyanitsa tsamba lodwala ndi lamoyo asanadziwe kulemba dzina lawo, tawaphunzitsa kuti ulimi ndi chilango. Sindikuti mwana wa mlimi akhale mlimi basi. Ndikuti sitinamuuze kuti ulimi nawo uli ndi digiri. Ndipo mphunzitsi uja anandiuzanso kuti ngakhale kumeneko makosi ambiri amafuna Chemistry yemweyo, ndiye mwaona mmene tsiku limodzi la Fomu 3 limatsekera zitseko zambiri nthawi imodzi.

Koleji ya za nkhalango ndi nyama zakutchire ili ku Dedza konkuno, pafupi ndi Chongoni, boma loyandikana nafe, koma mtsikanayu anali asanaimvepo. Za maphunziro a ntchito zamanja a TEVETA anamvapo, koma ankaziyesa za anthu olephera, pomwe mnyamata amene amaotcherera ngolo zathu pa Tsangano Turn-off amagwira ndalama tsiku lililonse kuposa ena ovala tayi.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi aakulu a m'masekondale, makamaka sukulu zoyendera. Mumatiitana kumisonkhano ya makolo, timabwera, koma nkhani imakhala ya ndalama za chitukuko, njerwa ndi mchenga. Tiitaneni kamodzi ana akamamaliza Fomu 2, mutiuze m'Chichewa chomveka kuti mwana akasiya phunziro lakuti, ntchito zakutizakuti wazitaya. Ngati sukulu ilibe mphunzitsi wa Chemistry, tiuzeni poyera nthawi ikadalipo, kholo lione ngati lingagulitse mbuzi n'kusamutsa mwana. Mndandanda wa makosi ndi zofunika zake umene umatuluka chaka chilichonse, umateni pakhoma la kalasi ya Fomu 2, osati muofesi mokha. Ana a m'dera lino amene ali ku Mzuni, ku MUST kapena ku Bunda amabwera patchuthi n'kumangokhala pa bawo. Aitaneni adzayankhule ndi azing'ono awo, adzawauze zimene amaphunzira kwenikweni ndi kumene anzawo omaliza akugwira ntchito.

Kwa makolo anzanga, tsiku lodzaza fomu siyani khasu mupite naye mwana, kapena mupemphe wina wodziwa apite naye. Mizere ija si yodzaza ndi loto limodzi. Kosi imene aliyense akuithamangira ikhale pamwamba ngati mwana akuyenera, koma pansi pakhale ina imene maphunziro ake akugwirizana nayo.

Mtsikana uja pano akundithandiza kusankha mbatata ndi kulemba mabuku a ogula, ndipo wagwirizana ndi mphunzitsi wopuma uja kuti fomu ya ulendo uno adzadzazire limodzi, pepala la zotsatira lili patebulo. Mlongo wake wamng'ono ali Fomu 2 pasukulu yomweyo, akuti akufuna uinjiniya. Lachiwiri likubwerali ndikuvala jekete kupita kukaonana ndi a hedi, ndikafunse ngati mphunzitsi wa Physics alipo.

Malume wodandaula,
Tsangano, Ntcheu