Bawuti wautali payekha sangatalikitse tailstock ya lathe

Akonzi,

Ndilole ndithandize amisiri anzanga kuno ku Johannesburg amene amagwiritsa ntchito lathe (makina osemera chitsulo pochizunguza) zing'onozing'ono za saizi ya 7x12 ndi 7x14. Dandaulo lawo ndi limodzi: pa tailstock, mbali ya kumapeto kwa lathe imene imagwira drill, quill (chitsulo changati paipi chimene chimakankha drill) imangotuluka pang'ono, ndiye bowo lakuya silitheka kuboola ulendo umodzi. Quill imayendetsedwa ndi bawuti wa m'kati mwa tailstock, ndiye ambiri amathamangira kusula bawuti wautali, koma kumeneko ndi kutaya chitsulo.

Chifukwa chake n'chakuti bawuti uja sayenda, amangozungulira pamalo amodzi, ndipo nsonga yake ndi imene imakankha arbor ya saizi ya MT2 kuti ituluke mukabweza quill. Arbor ndi chitsulo cholowa m'quill chimene chimanyamula chuck, chogwirira drill. Mukamutalikitsa yekha, chuck imangogwa msanga. Ulendo wa quill umadalira mpata umene uli pakati pa mchira wa arbor ndi mazinga a kumbuyo kwa quill.

Choncho yambani ndi arbor. Zambiri zogula zimakhala ndi tang, kamchira kaphwatalala kamene n'kothandiza pa makina oboolera koma pa lathe imeneyi kalibe ntchito. Kaduleni ndi gilayinda, mukuviika m'madzi pafupipafupi, ndipo ulendo wa quill uwonjezeka ndi mamilimita 10 kapena kupitirirapo. Musadule mopyola, chifukwa bawuti akalephera kufika pa arbor, chuck imakanirira m'kati.

Ngati sizikukwanirabe, talikitsani quill kumbuyo. Tinene kuti mukufuna mamilimita 25. Boolani mazinga akale kuti bawuti azidutsa momasuka. Sulani nati ya bronze yonenepa ndendende ngati quill, yotuluka mamilimita 25, yokhala ndi khosi lolowa mothina m'quill, ndipo muikhome kaphini kuti isazungulire. Thupi la tailstock nalonso lifunika chowonjezera cha mamilimita 25 kumbuyo, bowo lake lolunjika bwinobwino ndi lakale. Apa ndiye bawuti wautali ali ndi ntchito, naye atalike mamilimita 25 omwewo.

Chenjerani ndi mazinga: ndi amanzere, ndipo pa makina ambiri ndi M10x1.5, koma yezani anu musanagule tap, chida chodulira mazinga m'bowo. Mukadula amanja, chogwirira chizibweza quill pamene inu mukufuna ituluke. Quill ikatuluka yonse, mazinga osachepera mamilimita 15 akhale akugwirabe.

Chimene ambiri amaiwala ndi kangalande ka m'mbali mwa quill, momwe mumayenda kabawuti koiletsa kuzungulira. Kangalande kameneka katalikitsidwenso, apo ayi quill iima pomwe inkaima kale.

Ndinenenso kuti quill yotuluka kwambiri imawerama ndi kugwedera, bowo n'kukula kapena kukhota. Yambani bowo ndi centre drill (drill yaifupi yoyambira bowo) quill ili m'kati, ndipo pobowola mwakuya muzitulutsa drill kawirikawiri, kuchotsa zinyenyeswa ndi kuthira mafuta. Pomaliza pa zonse, gundanitsani nsonga za ma centre awiri, zitsulo zosongoka zoika pa tailstock ndi ku mutu wa lathe, muone ngati tailstock ikadali pamzere.

Mmisiri wa zitsulo,
Johannesburg