Makhansala, tipezeni pa bwalo la mpira

Akonzi,

Chilimwe chafika. Loweruka lililonse bwalo lathu kuno ku Area 25 limadzaza: anyamata akumenya chikopa m'fumbi, atsikana ali pa ntchemberembaye, amayi akugulitsa thobwa pansi pa mtengo wa mango.

Ndikupempha makhansala amene tinawasankha pa 16 September 2025 kuti azibwera pamenepa. Anthu adzawapeza atasonkhana kale. Atifotokozere za msonkho wa m'misika, koma makamaka za ngalande. Mvula ili pafupi, ndipo ngalande ya kuseri kwa nyumba yanga yadzaza majumbo. Chaka chatha madzi analowa mpaka kukhitchini, ufa wonse unanyowa.

Makasu ndi mafosholo tili nawo. Tikungopempha galimoto yodzanyamula zinyalalazo.

Ine wowerenga wanu,
Area 25, Lilongwe