Kalata kwa mnzanga amene adakali ku Cape Town

Aise,

Mavoisi ako atatu aja ndinawamva onse, ndangochedwa kuyankha poti kuno netiweki imagwira ndikakwera pachulu kuseri kwa tchalitchi, komanso zimene unafunsazo sizoyankha ndi voisi ya mphindi imodzi ayi. Ndiye ndati ndikulembere usiku uno ana atagona. Wafunsa ngati sindikunong'oneza bondo kuti ndinabwerera kumudzi. Ndikuyankha, koma undilole ndiyambire patali pang'ono.

Ndinachoka kuno ku Ntcheu mu 2014 mwana wanga woyamba ali ndi miyezi 8, ndinagulitsa mbuzi zinayi ndi mbatatesi yonse ya chaka chimenecho kuti ndipeze thiransipoti. Njira ija umaidziwa, pa Mwanza kudinditsa, pa Zobue kudinditsa, kuoloka Zambezi pa Tete dzuwa likuswa mtengo, kenako Nyamapanda, Harare usiku, mpaka pa Beitbridge pomwe tinaima pamzere mpaka miyendo kutupa. Anandidindira masiku 30. Mumtima ndimati zaka ziwiri basi, ndigule malata ndi njinga yamoto ndizibwerera. Zinakwana zaka 10.

Masiku ano ndimaganiza kwambiri za agogo anga aamuna. Iwo anapitako nthawi ya Wenela kukagwira kumigodi, anabwera ndi njinga, wayilesi ndi bokosi lachitsulo lomwe mpaka lero lilipo, timasungiramo mbewu. Anasiya kupitako mu 1974 ndege ija itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi ambiri ochokera kumigodi, Kamuzu ataletsa maulendowo. Ntchito yawo inali yowawa kuposa yathu, chifuwa chinawavuta mpaka imfa yawo, koma chinthu chimodzi anali nacho chomwe ife tinalibe, ankadziwa tsiku lothera kontirakiti. Ife timangopita opanda tsiku lobwerera, chaka chilichonse kumangoti Khirisimasi ikubwerayi, ikafika ndalama yathera renti ndi zotumiza kwathu, basi tisunthe chaka china. Kutchona kumayamba choncho aise, palibe amene amachita kufuna.

Si zonse zinali zoipa, ndiname bwanji. Ku Johannesburg ndinayamba ndi ntchito ya m'gadeni ku Randburg, kumeneko ndi kumene ndinaphunzira kupanga manyowa a masamba ndi kuthirira ndi timapaipi todontheza, nzeru zomwe zikundidyetsa lero. Nyanja yamchere ndinaionera koyamba ku Durban, ndinalawa madziwo ndi chala kuti nditsimikize. Koma ku Durban komweko mu Epulo 2015 ndi kumene ndinagona pansi pa tenti ku Isipingo pamodzi ndi anthu a ku Mozambique, Congo ndi Burundi titathawa zipolowe zothamangitsa obwera, boma lathu linatumiza mabasi anzathu ambiri anakwera, ine ndinakana chifukwa ndinali ndi chikwama chimodzi chokha ndipo manyazi anandigwira kuti ndikafika nacho bwanji pakhomo. Amene anandibisa usiku woyamba uja asanatitengere kumatenti anali mayi wachizulu, neba wathu, anandilowetsa kukhitchini n'kukhoma chitseko ana ake omwe akuona. Ndiye munthu akamati anthu a dziko lija onse ndi oipa ine ndimatsutsa, ndinaona zonse ziwiri.

Kenako Cape Town, n'kukumana ndi iwe kulesitilanti kuja, iwe pa gililo ine kumbale. Ukukumbuka kachipinda kathu ku Dunoon mvula ya Juni ikulowa pansi pa chitseko, tikugona ndi majekete, khutu lili kunja kuopa moto ukabuka kwa aneba? Ndi 2018 ija madzi atatsala pang'ono kutheratu mumzinda, munthu aliyense malita 50 patsiku, azungu akuphunzira kusamba m'ndowa zomwe ife tinakulira? Lamulungu lija tinakwera sitima ya ku Simon's Town, njanji ikudutsa m'mbali mwenimweni mwa nyanja pa Muizenberg ndi Kalk Bay, tinagula fishi ndi tchipisi tikudyera pamwala, ndimalikumbuka kwambiri. Tsiku limenelo ndinamva ngati ndine munthu woyenda kukaona dziko osati wothawa umphawi. Masiku otero analipo koma ndingathe kuwawerenga ndi zala.

Chomwe chinandithyola ndi 2020. Lokudauni itayamba pa 27 Malichi lesitilanti inatsekedwa, ndipo mwezi wa Julayi amayi anamwalira maboda ali otseka. Iwe unalipo, unandigwirira foni manja anga akunjenjemera, mlongo wanga akundionetsa bokosi pa vidiyo chithunzi chikuduladula, nyimbo za amayi a Mvano ndikuzimva mwapatalipatali. Ndalama ndinatumiza pa Mukuru, bokosi linali labwino, anthu anadya. Koma dothi sindinaponye. Chibwerereni ndapita kumanda kawiri ndi amalume, ndipo mpaka pano ndikadutsa pakhomo pawo pomwe ankakonda kukhala akusenda nyemba ndimayang'ana kumbali.

Ndinapirirabe zaka zina zinayi kuti nyumba ithe, ndi yomwe ndikulemberamo inoyi, zipinda zitatu ya malata, pansi simenti, pulasitala kunja sinachitike. Pobwera ndinanyamula firiji, mashini opopera madzi ndi mabulangete, tinatsikira pa Wenela ku Blantyre, depoti yomwe dzina lake linachokera kwa omwe ankatenga agogo aja.

Tsopano za kuno usamve zonama. Moyo wakwera mtengo koopsa. Kwacha anaigwetsa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo zinthu sizinatsikenso, feteleza thumba limodzi umachita kugulitsa mbuzi, petulo wa mashini aja nthawi zina ndimakhala pamzere ku boma tsiku lonse n'kubwerako opanda. Achibale amaganiza kuti wochokera ku Joni ndalama sizimuthera, miyezi yoyamba pakhomo panali ngati pachipatala, uyu fizi uyu mankhwala uyu ngongole ya banki mkhonde, nditayamba kukana ena anasiya kundipatsa moni. Ndamvanso zonong'ona kuti zaka 10 zonsezo n'kubwera opanda galimoto. Zimawawa ndithu.

Koma chovuta kwambiri chinali m'nyumba mwanga momwe. Mwana uja ndinamusiya wa miyezi 8 ndinamupeza ali Sitandade 5, amandidziwa pafoni basi. Anandigwadira bwinobwino ngati mlendo, akafuna pensulo amakauza amayi ake kuti auzeni awo. Mayi akenso anazolowera kuyendetsa zonse okha, munda, sukulu, maliro, misonkhano ya kwa amfumu, ine kufika ndi maganizo anga zinayamba kugundana, tinakangana kangapo mpaka ankhoswe anatikhazika pansi. Ndinazindikira kuti pomwe ine ndimati moyo wanga ndauimika kaye kudikira tsiku lobwerera, kuno sunaime, anthu anapitiriza popanda ine ndipo malo anga ndimayenera kuwapempha mwaulemu. Papita nthawi. Mwezi wathawu tikuchokera kudimba mwanayo anandifunsa yekha kuti adadi nyanja yamchere ija ndi yayikulu kuposa ya ku Salima? Ndinamufotokozera njira yonse mpaka kufika kunyumba, za sitima ija, za phiri la Table Mountain ndi mtambo wake, ndipo usiku umenewo sindinagone msanga.

Ndiye yankho langa ndi lakuti ayi, sindikunong'oneza bondo kuti ndinabwerera, chomwe chimandipweteka ndi choti ndinachedwa. Ndikamapita ku Lizulu ndi tomato ndi kabichi sindigwira m'thumba kufufuza pasipoti ndikaona yunifomu. Ndimadya mgaiwa ndi nkhwani wotendera, thobwa la mawere amayi a kunyumba amapanga Loweruka lililonse. Ndalama ndi yochepa kuyerekeza ndi marandi aja, koma dimba likuyenda, timapaipi tija anthu akubwera kudzaonera ndipo anyamata awiri omwe amafuna kugulitsa malo kuti apite ku Joni ndawatenga tikulima limodzi. Sindinawaletse, ndangowauza zomwe ndinaona, asankha okha.

Iwe sindikukuuza kuti unyamuke mawa, ndikudziwa fizi ya ana ako awiri ku sekondale ikudalira gililo imeneyo. Koma khazika tsiku aise, ulilembe penapake, uwauzenso akunyumba kuti azikukumbutsa.

Lamulungu lapitali ndinapita kukaona amayi ako. Ali bwino, mwendo uja ndi umene ukuwavutabe akayenda mtunda, ndinawasiyira kabichi ndi sopo. Denga la kukhitchini likudontha mbali ya kumadzulo, malata anayi akwana, ukatumiza ndalama ine ndidzakhoma ndekha mvula isanayambe usalipire munthu. Anandigwira dzanja nthawi yaitali akufunsa ngati ukudya mokwanira ndiponso ngati unanenepa, akuti pafoni sakuona bwino nkhope yako. Uwaimbire masana kukuwala.

Jekete langa lakuda lija ndinalisiya kuseri kwa chitseko uzivala, kuno la ku Tsangano ndili nalo lina. Upereke moni kwa anyamata onse a kukhitchini ndi kwa mayi aja ogulitsa magwinya pakona.

Ndine mnzako,
wa ku Ntcheu