Kalata kwa mphwanga, yonena za kanyimbi ndi galu Bingo

Mphwanga wokondedwa,

Uli bwanji kumeneko ku Indiana? Amayi ako andiuza pa foni kuti Lachiwiri usiku Bingo anakumana ndi kanyimbi kuseri kwa nyumba, kenaka anathamangira pabalaza n'kuyamba kudzigudubuza pa kapeti. Akutinso unalira abambo ako atakuletsa kumukumbatira. Pepa, mphwanga. Bingo sanalakwe, iwenso sunalakwe. Koma agalu ambiri satengerapo phunziro, amakaputanso kanyimbi kachiwiri ndi kachitatu, n'chifukwa chake ndakulembera kalatayi. Pomwe mawu akuvute, amayi ako akuthandize kuwerenga, ndipo mukamaliza muimate pachitseko cha firiji.

Nyama imene anzako a kusukulu amati skunk ndi ya ku America. Kukula kwake ndi ngati mphaka, thupi lakuda bii, mizere iwiri yoyera kumsana, mchira wa ubweya wambiri. Kwathu ku Malawi kuli kanyimbi wathu, wocheperako thupi koma wa mizere yofanana, nayenso wonunkha akakwiya. Akatswiri a nyama amati awiriwa ndi a mabanja osiyana, kungofanana malaya ndi chida. Ife tingomutchula kanyimbi basi.

Chida chakecho chili pansi pa mchira. Ali ndi timatumba tiwiri, kumanzere ndi kumanja kwa potulukira chimbudzi, momwe mumakhala madzi achikasu onanda ngati mafuta. Akafinya timatumbato, madziwo amathamanga mamita 3, ngati kutalika kwa bedi lako ndi theka lake, ndipo amalunjika kumaso. Onse pamodzi ndi ochepa, okwana supuni imodzi yaikulu. Amatha kupopera kasanu kapena kasanu n'kamodzi, akatero amadikira masiku pafupifupi 10 kuti timatumba tidzazenso. Masiku amenewo amakhala alibe chodzitetezera, choncho sapopera mwachisawawa. Amayamba wachenjeza. Amapondaponda pansi ndi miyendo yakutsogolo, phaphapha, amaimika mchira, amachita mluzu waukali, kenaka amapinda thupi mpaka maso ndi matako zonse zitayang'ana kwa iwe. Ukaona zimenezi, bwerera chafutambuyo pang'onopang'ono. Usakuwe, usathamange, usagende. Maso a kanyimbi saona patali, ukangotalikira iye amapitiriza ulendo wake. Vuto la Bingo n'lakuti akaona mchira uli njo amayesa mnzake wosewera naye, n'kupititsa mphuno pomwepo.

Mumadzi achikasuwo muli mankhwala a sulufule otchedwa thiol, achibale a aja amanunkhitsa dzira lovunda. Mphuno ya munthu imawamva ngakhale atachepa chotani, ndipo mphepo imatha kunyamula fungolo mtunda woposa kilomita. Mulinso mankhwala ena amene ine ndimawatcha ogona. Iwo sanunkha kwambiri, amangobisala mu ubweya, koma akakhudzana ndi madzi amasanduka thiol. Ndiye chifukwa chake galu amene anasamba bwinobwino amayambanso kununkha akanyowa ndi mvula, ngakhale patapita masabata angapo. Ugwire mfundo iyi: galu wopoperedwa sathiridwa madzi m'thupi poyamba. Madzi sasungunula mafuta, amangowafalitsa thupi lonse n'kudzutsa ogona aja.

Ntchito yako yoyamba ndi ya pakhomo. Ukamva fungo lija n'kuona Bingo akuthamangira kunyumba, tseka chitseko ndipo uitane akuluakulu. Alira, akanda chitseko, udzamumvera chisoni, koma chilichonse chimene angakhudze, sofa, bulangete, malaya ako, chitenga mafutawo. Uziyankhula naye mofatsa kudzera pawindo kuti mtima wake ukhale pansi.

Zotsatirazi ndi za amayi ndi abambo ako, atavala magolovesi a labala ndi zovala zakutha. Ayambe ndi maso. Galu wopoperedwa kumaso amatsinzina, maso amafiira, misozi ndi dovu zili chuchuchu, ndipo amakhuta nkhope pa kapinga. Maso amenewo, okhawo, atsukidwe ndi madzi oyera ofunda pang'ono kwa mphindi zingapo. Kenaka afufuze thupi lonse ngati pali bala. Ku America akanyimbi ali m'gulu la nyama zakutchire zimene zimapezeka ndi chiwewe kawirikawiri. Chiwewe sichiyenda mufungo, chimayenda m'malovu nyama ikaluma. Bala likapezeka, ngakhale kakang'ono, Bingo apite kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo pamodzi ndi khadi lake la katemera. Ngati bala palibe, atenge mapepala opukutira a kukhitchini n'kumadinda pomwe pali mafuta achikasu. Kudinda, osati kupukuta mokhula.

Tsopano mankhwala osambitsira. Anawatulukira ndi katswiri wina wa ku Illinois, Paul Krebaum, ndipo njira yake inasindikizidwa mu 1993. Pamafunika zinthu zitatu zokha. Choyamba ndi lita imodzi ya hydrogen peroxide wa 3 peresenti, uja wa m'botolo lofiirira lakuderako amene amagulitsidwa ku famase. Chachiwiri ndi kotala la kapu ya soda, yemwe uja amayi ako amathira mu therere. Chachitatu ndi supuni yaing'ono imodzi kapena ziwiri za sopo wamadzi wotsukira mbale. Zonse zisakanizidwe m'chidebe cha pulasitiki chopanda chivindikiro. Udzaona thovu likutumphuka, tsiii, ngati Fanta wongotsegulidwa kumene. Thovulo ndi mpweya wa okosijeni, ndipo ndi umene umagwira ntchito. Sopo amamasula mafuta ku ubweya, okosijeni n'kugwira thiol uja n'kumusandutsa chinthu china chosanunkha. Sikuphimba fungo ayi, ndi kulipheratu. Galu akakhala wamkulu, onjezani lita ya madzi ofunda pang'ono m'chidebemo kuti akwane thupi lonse.

Amupake ubweya uli wouma, kuyambira pamene panagwa mafuta ambiri, kawirikawiri pakhosi, pachifuwa ndi kuseri kwa makutu, akutikita ndi zala kuti zilowe mpaka pakhungu. Kunkhope agwiritse kansalu konyowetsa, mosamala kwambiri, osafika m'maso, m'mphuno, m'makutu kapena m'kamwa. Apa ndi pamene ukulowanso iwe: gwira wotchi, uwerenge mphindi 5. Zikakwana unene kuti "Zakwana!" ndipo amutsukuluze ndi madzi ofunda ambiri. Fungo likatsalira, asakanize zina zatsopano n'kubwereza kawiri kapena katatu. Pomaliza asambe ndi shampu wake wa masiku onse, apukutidwe ndi matawulo akale mpaka aume. Akanyimbi amayendayenda kwambiri mu February ndi March pofuna akazi, nthawi imene kwanuko kumazizira koopsa, choncho ngati ndi miyezi imeneyo musambitsireni m'galaja, asazizidwe panja.

Pali zolakwika zingapo zimene anthu amachita, ndipo ina ndi yoopsa ndithu. Ena amati, "Tisunge otsalawa m'botolo, tidzagwiritse ntchito tsiku lina." Ayi, mphwanga, zimenezo musadzayese. Mpweya uja umapitiriza kutuluka, botolo lotseka limafufuma mpaka kuphulika. Otsala onse athiridwe mu sinki, muwatsatize madzi. Chosunga ndi botolo la peroxide losatsegula ndi paketi ya soda, chilichonse pachokha. Botolo lotsegulidwa kalekale limakhala litaphwa mphamvu, ndipo mudzadziwa chifukwa thovu silituluka. Peroxide wamphamvu wa ku saluni amawotcha khungu, ameneyo ayi. Ngakhale wa 3 peresenti yemweyu akakhalitsa pathupi amayeretsa ubweya, galu wakuda n'kusanduka wofiirira, ndiye kufunika kwa wotchi yako ija. Bingo asanyambite, peroxide amasanzitsa agalu. Jik asayandikire galu n'komwe, ndipo asasakanizidwe ndi viniga kapena mankhwala ena otsukira, chifukwa amatulutsa mpweya wakupha.

Anzako ena adzakuuza za madzi a tomato. Anthu akhala akunena zimenezi kuyambira kale, koma tomato sachotsa kanthu. Chimachitika n'chakuti mphuno ikanunkhiza chinthu chimodzi nthawi yaitali imatopa n'kuleka kuchimva, n'kuyamba kumva tomato yekha. Wosambitsayo amati zatheka, koma mlendo akangolowa amagwira mphuno. Tomato asiyireni ndiwo.

Masiku awiri kapena atatu otsatira uzimuyang'anitsitsa Bingo. Sizichitika kawirikawiri, koma galu amene wameza madzi a kanyimbi ambiri, makamaka amene analowetsa mutu kudzenje, magazi ake amatha kuwonongeka. Abambo ako akakweza mlomo wake, nkhama ziyenera kukhala zofiirira bwino ngati zako. Zikakhala zoyera mbuu kapena zoderako ngati chokoleti, mkodzo ukada, akamangogona osafuna kudya, kapena maso akakanabe kutseguka tsiku lotsatira, ameneyo ndi wa kwa dokotala, osadikira mawa.

Za m'nyumba sizovuta, zimangofuna kupirira. Tsegulani mawindo, yatsani fani. Pakapeti wazani soda wouma wambiri, agone usiku wonse, mmawa mumuchotse ndi makina opopa fumbi. Mukafuna kuthirapo mankhwala a peroxide aja, yesani kaye pakona yobisika chifukwa amasintha mtundu wa nsalu. Zovala zichapidwe pazokha ndi sopo wanthawi zonse ndi theka la kapu ya soda, ziyanikidwe padzuwa. M'makina oumitsira zisalowe fungo lisanathe. Ikani viniga m'timbale m'zipinda kwa tsiku limodzi kapena awiri, pamalo pamene mlongo wako wokwawa uja sangafike. Kolala ya nsalu ya Bingo mungoitaya, ija siimva sopo.

Chinthu china ndikuuze, chifukwa n'chachikulu. Gasi wophikira alibe fungo lakelake, ndiye a kampani amathiramo dala mankhwala a mtundu wa thiol kuti anthu azimva akamatuluka. Tsiku lina ukadzamva fungo ngati la kanyimbi kapena dzira lovunda mkati mwa nyumba, Bingo ali bwinobwino ndipo panja sipakununkha, uza akuluakulu msangamsanga. Nonse mutuluke osayatsa kapena kuzimitsa magetsi, ndipo a kampani ya gasi muwaimbire muli panja.

Nanga kanyimbiyo amadzatani kwanu? Njala ndi pogona. Amadya mbozi zoyera za m'nthaka, ziwala, mbewa, mazira, zipatso zakugwa, ndipo chakudya cha agalu chotsala m'mbale amachikonda kwabasi. Ukaona timaenje tosaya pakapinga, ngati wina amakumba ndi supuni, ndi iyeyo amafukula mbozi usiku. Choncho mbale ya Bingo izilowa m'nyumba dzuwa lisanalowe, bini ya zinyalala izikhala yovindikira zolimba. Mlimi anganene kuti nyama yodya mbewa ndi mbozi ndi mnzake, ndipo ine ndikugwirizana naye. Kungoti asagone pansi pa khonde lanu.

Akuluakulu amati galu wamkota sakandira pachabe. Bingo akamanunkhiza ndi kukanda pansi pa khonde la matabwa kapena pa kanyumba kosungiramo zipangizo, mwina pali dzenje. Njira yodziwira ndi iyi, ndipo uikonda. Madzulo, abambo ako ali pambali, waza ufa pakhomo la dzenjelo mpaka payere. Kukada ndithu mupite ndi tochi mukaone mapazi. Phazi la kanyimbi lili ndi zala zisanu, ndipo lakutsogolo limasiya tizikhadabo titalititali. La mphaka limaonetsa zala zinayi zopanda zikhadabo. Mapazi akaloza kunja ndiye kuti mwini nyumba wapita kosaka, ndipo abambo ako angatseke pamenepo ndi waya wolimba wa timabowo ting'onoting'ono. Wayayo alowe pansi masentimita 30, m'munsi mwake apindidwire kunja, chifukwa kanyimbi ndi katswiri wokumba ngakhale kukwera kumamuvuta. Koma kuyambira May mpaka July musatseke. Miyezi imeneyo m'dzenje mumakhala ana, ndipo mukatsekera mayi kunja anawo amafera momwemo ndi njala, chomwe ndi nkhanza, fungo lakenso losaneneka. Dikirani akule atuluke okha, kapena itanani ogwira ntchito yochotsa nyama zakutchire. Mukadzaona kanyimbi akudzandira, akuzungulirazungulira pamodzimodzi kapena akulondola anthu mopanda mantha, lowani m'nyumba ndi Bingo yemwe, akuluakulu aimbire a boma oona za nyama.

Kanyimbi amatuluka kwambiri chisisira ndi mbandakucha, nthawi yomwe Bingo amapempha kukataya madzi. Musanamutsegulire, iwe yatsa getsi la panja, womba m'manja katatu, uwerenge mpaka 20 kuti mlendo apeze mpata wochoka. Kenaka atuluke ali pachingwe, wamkulu atagwira.

Mukayesa za ufa zija, undijambulire mapaziwo papepala, uwerenge zala bwinobwino, amayi ako anditumizire pa WhatsApp. Undiperekere moni kwa abambo ako ndi kwa mlongo wako. Bingo ukhoza kumukumbatira tsopano, bola akhale atauma.

Ndine malume ako okukonda.